Ku Banning adagulitsa, kwathu tikadaphwasula

Mu Seputembala 2021, m'tauni ya Banning ku California, malo otchedwa Museum of Pinball adagulitsa pa okushoni makina awo onse a masewera, oposa 1,000. Mliri wa Covid-19 udali utawatsekera makomo kwa miyezi yambiri, ndipo nyumbayo idatengedwa ndi ochita malonda a chamba, chomwe kumeneko n'chololedwa. Anthu omwe ankapita kukasewerako amadandaulabe mpaka lero ngati adaferedwa.

Ambiri kuno pinball sitimudziwa. Ndi bokosi lalitali la miyendo inayi, lopendekeka pang'ono, lagalasi pamwamba. Ukaponyamo ndalama, kampira kachitsulo kamatuluka n'kumagunda uku ndi uku, magetsi akuthwanima, mabelu akulira. Iwe uli ndi mabatani awiri m'mbali, oyendetsa timikono tobwezera kampirako m'mwamba kasadagwere m'dzenje. Timikonoti tidayamba mu 1947 pa makina a Humpty Dumpty a kampani ya Gottlieb. Timikonoti tisadabwere, wosewera ankangodalira mwayi, n'chifukwa chake mu 1942 meya wa New York, Fiorello La Guardia, adaletsa masewerawa ponena kuti ndi juga, apolisi n'kumaswa makinawo ndi nyundo. Chiletsocho chidatha mu 1976, Roger Sharpe atasewera pamaso pa khonsolo ya mzindawo kuonetsa kuti pamafunika luso.

Zomwe boma linkaswa ndi zomwe lero anthu akulimbirana. Kampani ya Williams itasiya kupanga pinball mu 1999, makina akale adasanduka chuma. Munthu amagula The Addams Family, makina a 1992 omwe adagulidwa koposa ena onse, oposa 20,000, n'kukawaika m'chipinda chapansi pa nyumba yake. Loweruka lonse amathera pomwepo: kusintha timphira tofwifwa, kupukuta galasi, kusaka waya woduka pakati pa mazanamazana. Akamaliza amagula ena. Mayi wa m'nyumba akadandaula za malo, galimoto ndiyo imagona panja.

Ndikaganiza za ku Banning ndimaona malo athu a vidiyo a pamsika: zitseko za nsungwi, mabenchi a matabwa, sipika panja ikukuwa mfuti za Rambo, ana akusuzumira pa timing'alu. Ambiri mwa malowa adatha, ena adasanduka oonetsera mpira wa ku England. Nanga madeki aja ndi matepi ake adapita kuti? Palibe adachititsa okushoni. Deki ikafa, wokonza mawailesi amachotsamo chomwe chili chamoyo n'kuchiika mu ina, zotsalazo ana apangire galimoto zawaya, mwinanso apite nazo ogula zitsulo zakutha pa sikelo. Kwathu chinthu sichipuma pantchito. Chimagwira mpaka kutheratu, ndipo wosunga makina makumi atatu ongoyang'ana tingamufunse ngati mutu wake ukuyenda bwino. Ena anganong'one zoti ndi zizimba.

Sindikuti ife ndi osasamala. Kusunga chinthu chosagwira ntchito kumafuna malo, magetsi osazimazima ndi ndalama yotsala, zinthu zomwe ambiri tilibe. Komanso masewera athu enieni sakhala m'makina. Bawo ndi maenje 32 ndi timiyala 64. Thabwa likasweka, akuluakulu amakumba pansi pa mtengo wa mango n'kupitiriza, oonerera akulangiza mosapemphedwa monga mwa nthawi zonse. Palibe mwini nyumba angatseke bawo pofuna lendi. Pamenepa ndiye tidawaposa a ku Banning, chifukwa makina awo aja, ngakhale adapulumuka, adabalalika m'nyumba za anthu a ndalama. Akuwala bwino, inde, koma woseweretsa ndi mmodzi ndi anzake awiri. Phokoso la khamu, lomwe anthu akulira, silidagulidwe ndi aliyense.

Komabe pali pomwe iwo amatichititsa manyazi. Mwana wa ku America akhoza kupita ku Pinball Hall of Fame ku Las Vegas n'kukasewera makina omwe agogo ake ankasewera ali mnyamata. Wathu tingamuonetse chiyani? Ku Chichiri Museum ku Blantyre kuli mitu ya sitima zakale panja, ndipo tithokoze kuti ilipo. Koma zinthu zomwe zinkasangalatsa anthu wamba, galamafoni, wailesi ya Nzeru yomwe inkapangidwa konkuno, yomwe mudzi wonse unkaizungulira madzulo, n'zosowa kuposa mitu ya sitimayo. Tidazikonza, tidazikonzanso, kenako tidaziphwasula.

Choncho inu amene wailesi ya Nzeru ya malemu bambo anu ikadali pamwamba pa kabati, ngakhale idasiya kulankhula kalekale, a sikelo akafika pakhomo auzeni kuti imeneyo siyogulitsa.