Buku la Mandela lithandiza atsogoleri amene asowa pogwira

Mtsogoleri akagonja, kaya pa masankho kapena pa malonda, kawirikawiri amasowa womuuza zoona. Apa m'pamene buku la a Nelson Mandela, Long Walk to Freedom, limathandiza.

A Mandela anayamba kulilemba mobisa m'ndende ya Robben Island. Alonda atapeza mapepala amene anakwiriridwa m'dimba, anawaletsa kucita maphunziro kwa zaka 4. Koma kope lina linatuluka ndi a Mac Maharaj, amene anamasulidwa mu 1976, ndipo linafika kwa a Oliver Tambo ku Lusaka. Bukuli linasindikizidwa mu 1994.

Gawo lofunika koposa ndi la m'ma 1980, pamene a Mandela, atatsekeredwa okha ku Pollsmoor, anayamba kukambirana ndi boma la tsankho osafunsa anzao, podziwa kuti akanawakaniza.