MIUNI YA PA CHULU

Amene tinakulira m'midzi ya alimi a fodya ku Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama, sitingaiŵale usiku wa ngumbi. Mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka mu Novembala kapena Disembala, nyengo yowokera fodya, anafe tinkamanga miuni ya udzu wotsala pofolera nyumba.

Chulu chilichonse chinali ndi mwini wake. Masana atate ankachilambula ndi kukumba kadzenje m'munsi mwake. Mdima utagwa tinkayatsa muuni pakamwa pa dzenjelo. Munthu akaima patali ankaona moto ukuthwanima ponseponse, ngati nyenyezi zatsikira m'minda. Ngumbi zinkathamangira kuŵalako, zinkagwera m'dzenje ndi kuthothoka mapiko. M'maŵa amayi ankazikazinga, kuziyanika ndi kuzipeta m'lichero, ndipo banja linkapeza ndiwo pa nthaŵi yosoŵa.

Lero ana ambiri amanyamula tochi m'malo mwa muuni, koma phunziro la pa chulu silinasinthe: ngumbi imafa chifukwa siifunsa mwini moto. Anyamata ndi atsikana, si kuŵala konse kumene kuchokera kwa Khristu. Nanga inu makolo, m'nyumba mwanu mukuyaka muuni wotani, kuti ana asakopeke ndi wa kunja?