Kenneth Kaunda ndi Funso la Mwini Nthaka

Gulu latsopano la ophunzira likafika kuno ku Bwacha, tisanagwire khasu timayamba ndi funso limodzi: kodi munda umene mukalime mukachoka pano ndi wa yani? Ena amati ndi wa makolo awo, ena amati ndi wa amfumu, ndipo mmodzi kapena awiri amati ndi wa boma. M'mayankho atatu onsewa muli choonadi. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kutsata mapazi a Kenneth David Kaunda, amene analamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991, ndipo anasiya chidindo chake pa malamulo a nthaka ndi a nyama zakutchire.

A Kaunda anabadwira ku Lubwa, m'boma la Chinsali, pa 28 April 1924, ndipo anali mphunzitsi asanalowe ndale. Anakulira m'dziko limene nthaka yachonde ya m'mbali mwa njanji inaperekedwa kwa alimi achizungu, pamene eni dziko ambiri anasamutsidwira kumalo amene atsamunda anawapatulira. Dera lathu lino, kwawo kwa Alenje, linaziona zimenezi njanji itafika ku Broken Hill m'chaka cha 1906. Patapita zaka, m'dera lomweli, pa thanthwe la Mulungushi kumpoto kwa Kabwe, ndi pamene chipani cha UNIP chinkachitira misonkhano yake ikuluikulu, ndipo pomwepo mu April 1968 a Kaunda analengeza kuti boma liyamba kutenga gawo lalikulu m'makampani a anthu akunja.

Nthaka inafikiridwa pa 30 June 1975. Tsiku limenelo a Kaunda analengeza kuti umwini wamuyaya wa malo watha. Nthaka yonse inaikidwa m'manja mwa Pulezidenti kuti aisunge m'malo mwa anthu onse, ndipo amene anali ndi zikalata za umwini anasanduka obwereka kwa zaka 100. Lamulo linanenanso kuti nthaka payokha ilibe mtengo. Chogulitsa ndi chokhacho chimene munthu waikapo ndi thukuta lake, monga nyumba, chitsime kapena mitengo yobzala. Ganizo lawo linali lakuti nthaka si katundu wa pamsika, ndipo wolemera asaunjike minda imene sakulima pamene mnansi wake alibe pobzala.

Lamuloli linathandiza kubweza minda imene eni ake anaisiya n'kupita kunja. Linabweretsanso mavuto ake. Kusinthana malo kulikonse kunkafuna chilolezo cha boma, makalata ankachedwa, ndipo mlimi sakanatha kupereka nthaka yopanda chomangidwa ngati chikole cha ngongole. M'chaka cha 1995, a Frederick Chiluba akulamulira, lamulo latsopano linalowa m'malo mwake. Nthaka inapatsidwanso mtengo, ndipo malo a mafumu analoledwa kusandutsidwa obwereka kwa zaka 99 ngati mfumu ndi khonsolo avomereza. Komabe mzati waukulu sunagwedezeke: mpaka lero nthaka yonse ya Zambia ili m'dzina la Pulezidenti.

Chimene anachita pa nthaka anachitanso pa nyama zakutchire. A Kaunda ankakonda kwambiri chigwa cha Luangwa, ndipo ankapita kukapumula ku Chichele. Mu ulamuliro wawo lamulo linaika nyama zonse zakutchire m'manja mwa Pulezidenti, ndipo m'chaka cha 1972 South Luangwa pamodzi ndi nkhalango zina zambiri zinakwezedwa kukhala malo otetezedwa a dziko lonse. Papepala zonse zinali bwino. Koma mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, boma linasowa ndalama zolipira alonda, ndipo opha nyama mozembera lamulo analowa ndi mfuti zamphamvu kufunafuna minyanga. Njovu zinaphedwa zikwi zambiri. Zipembere zinatheratu, kotero kuti m'chaka cha 1998 zinalengezedwa kuti m'dziko muno mulibenso, kufikira 2003 pamene zina zinabweretsedwa ku North Luangwa kuchokera ku South Africa.

N'chifukwa chiyani anthu a m'midzi sanatchinjirize nyamazo? Tadziikani m'malo mwa mlimi wa kuchigwa. Njovu yadya chimanga chake usiku umodzi, palibe womubwezera. Akapha mbawala kuti ana adye, amangidwa. Ndalama za alendo odzaona nyama zimapita ku Lusaka. Kwa iye nyama inali ya boma, ndipo mlendo wamfuti wopereka kangachepe ankaoneka ngati bwenzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chimene tiyenera kuwayamikira a Kaunda n'chakuti anavomera kuyesa njira ina. M'chaka cha 1986 kunayambika ntchito yotchedwa LIRDP m'dera la Lupande, kwawo kwa Akunda, mothandizidwa ndi dziko la Norway, ndipo iwo eni anakhala wapampando wa komiti yoiyang'anira. Cholinga chinali chakuti ndalama zochokera ku nyama zizitsala m'chigwamo, anthu a komweko azilembedwa ntchito yaulonda, ndipo mudzi uone phindu la njovu yamoyo. Poyamba ndalamazo zinkadutsa m'manja mwa atsogoleri ochepa, ndipo madandaulo sanachedwe. M'chaka cha 1996, a Kaunda atachoka kale pampando, dongosolo linasinthidwa kuti gawo lalikulu lizifika ku magulu a m'midzi, anthu n'kumagwirizana poyera chochita nazo. Phunziro linatenga zaka zambiri kuti likhwime, koma mbewu yake inabzalidwa m'nthawi yawo.

Ife a ku Kabwe tili ndi umboni wina pakhomo pomwe. Mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira ntchito kuyambira 1906 mpaka 1994, poyamba m'manja mwa makampani, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1970 pansi pa ulamuliro wa boma. Eni anasintha, koma fumbi la mtovu linapitiriza kugwera pa Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo ana a kumeneko akuvutika nalo mpaka lero. Kulemba nthaka m'dzina la anthu onse sikunaiteteze. Nthaka imatetezedwa ndi munthu amene adziwa kuti chimene chili m'menemo chidzalowa m'mbale ya ana ake.

Tsono inu alimi anzathu, amene mukuphunzira ndi amene munabwerera kale kumudzi, mutengepo chiyani? Choyamba, dziwani mtundu wa malo amene mukulima, kaya ndi a mfumu kapena ndi a boma. Ngati ndi a mfumu, yendani malire pamodzi ndi anyakwawa ndi oyandikana nawo, ndipo pemphani kuti zilembedwe. Musabzale mitengo ya zipatso kapena kukumba chitsime pa malo amene simunamvane bwino. Chachiwiri, malo a mudzi akasandutsidwa obwereka kwa zaka 99 amachoka m'manja mwa mfumu. Choncho wina akabwera kudzafuna dambo kapena nkhalango ya mudzi wanu, funsani kuti ziweto zidzadya kuti ndipo nkhuni zidzachokera kuti. Chachitatu, dambo, msipu ndi nkhalango ya onse zimafuna pangano la onse: ndani adule mitengo, nyengo iti yotentha tchire, makala aotchedwe pati, ndipo ndalama yake ipite kuti. Popanda pangano lotero, zidzatha monga zinathera zipembere za ku Luangwa. Ndipo amene mukulima pafupi ndi mgodi wakale, musabzale ndiwo zamasamba m'dothi limene silinayezedwe.

A Kaunda anamwalira pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97, ndipo anaikidwa ku Embassy Park ku Lusaka. Pa funso lathu lija, iwo anayankha mbali imodzi: mwa lamulo, nthaka ndi ya anthu onse a Zambia. Mbali inayo, yakuti ndani adzaisamala, lamulo silinathe kuiyankha. Imeneyo mukaiyankha inu, pa munda wanu ndi pa msonkhano wa mudzi wanu.