Namwino akasokoneza mankhwala, si umbuli ayi

Sabata yatha, ndikudikira galimoto pa Mauwa, ndinamva bambo wina akuuza anzake kuti: "Anamwino amasiku ano sukulu anangodutsamo, n'chifukwa chake amasokoneza mankhwala." Ndinangoti kukamwa pululu, koma mumtima munawira. Mawu amenewa ndatopa nawo.

Ineyo, ndi zaka zanga zonse mu yunifolomu, ndinatsala pang'ono kubaya mayi wina jakisoni wa mnzake wa pabedi loyandikana. Unali usiku wachitatu wotsatizana ndili pantchito. Mlingo wa mankhwalawo ndinkaudziwa ngati dzina langa. Koma manja anali mu wodi, mutu uli kunyumba komwe ndinasiya mwana akutentha thupi. Anandipulumutsa ndi gadiyani, amene anandigwira mkono n'kunena chapansipansi kuti: "Anesi, si awa."

Usiku umenewo sukulu inalipo, chinasowa ndi maganizo. Mankhwala ake pachingerezi amati mindfulness, kutanthauza kukhazika maganizo pa chimene ukuchita panthawiyo, n'kuwabweza akathawa. Ena amaopa kuti ndi mapemphero achilendo, koma ndi luso lophunzirika ngati kupeza mtsempha. Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro ake a masabata 8 mu 1979 ku University of Massachusetts, poyamba pothandiza odwala ululu wosatha, kenako anafalikira kwa ogwira ntchito m'zipatala. Kafukufuku akusonyeza kuti amachepetsa nkhawa ndi kutoperatu kwa mtima, kumene bungwe la WHO mu 2019 linati ndi vuto lochokera kuntchito. Zoti amachepetsanso zolakwika pabedi la wodwala, umboni wake ukadali wochepa.

Komabe akuluakulu asabisale kumbuyo kwa maphunzirowa. Kuno ku Chiradzulu, kuchokera pamene bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV mu 2001, ntchito zambiri zimene zinali za madokotala zinatsikira kwa anamwino m'zipatala zing'onozing'ono. Mutu umodzi susenza denga. Kukoka mpweya katatu pokhazika maganizo sikubereka namwino wachiwiri.

Anzanga, yesani izi, mwina zikuthandizani monga zinandithandizira ine: posamba m'manja, mvetserani madziwo pakhungu, musaganize za mzere uli panja. Musanabaye, tchulani dzina la wodwala mokweza, mudikire avomere. Ndipo inu magadiyani, mukaona namwino maso ali kutali, lankhulani. Osaopa.