Masipika a M'nyumba ndi Makutu Athu

Magetsi akazima, ine ndimayamba ndazula pulagi ya wailesi ndi masipika. Pobwera, nthawi zina amadza ndi mphamvu yoposa mavoti 230 amene zipangizozi zimafuna, ampulifaya n'kupsa kamodzin'kamodzi. Kukachita ziphaliwali, zulaninso. Kansalu kokongoletsa kamene timakonda kuyala pawailesi nakonso kachotseni, kamatseka timabowo totulukira kutentha.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi makutu, chifukwa timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pamlungu popanda vuto, koma likafika 90, maola 4 okha. Ngati mnzanu pampando womwewo akuchita kukuwa kuti mumumve, tsitsani voliyumu.