Ndani Ayang'anira Khoma la ku Chazanga?

Kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, kumene komboni ya Chazanga yagundana malire ndi Kabanana, nyumba zimangidwa pang'onopang'ono monga thumba lilolera: chaka chino maziko, chaka chamawa mabuloko kufikira pazenera, ndipo malata akwera pamene mwini wake wapeza ndalama, popanda pulani yovomerezeka ndi khonsolo, popandanso woyang'anira wa boma wodzaona kuya kwa maziko kapena kulimba kwa buloko imene woumba anaimana samenti.

Malamulo alipo ndithu. Bungwe la National Council for Construction, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 limene linakonzedwanso mu 2020, lilembetsa makontilakitala ndi kuyendera ntchito zawo. Lamulo la Urban and Regional Planning la 2015 lipatsa khonsolo mphamvu pa zomanga zonse. Koma mmisiri wa m'komboni, amene aphunzira ntchito pogwirira mnzake fosholo, sapezeka m'kaundula wa aliyense, ngakhale kuti unyinji wa anthu a mu Lusaka ugona pansi pa madenga amene iye anakhoma.

Mtengo wa kusasamalaku ulipidwa m'dzinja. Pakuti mbali yaikulu ya mzindawu yakhala pa thanthwe la laimu lokhala ndi mphako, ndipo madzi ali pafupi, mvula ikalimbika makoma afewa, zimbudzi zisefukira m'zitsime, monga anaonera a ku Kanyama m'chigumula cha 1978, ndi monga tinaoneranso mu 2024, pamene bwalo la masewera la National Heroes, losatalikira Chazanga, linasanduka chipatala cha odwala kolera.

Komatu boma linaonetsa kale njira yabwino. Lamulo la 1974 linavomereza makomboni, napatsa okhalamo chilolezo cha zaka 30, ndipo ku George ndi ku Chawama misewu ndi mipopi inalowa mothandizidwa ndi World Bank, anthu ambiri osagwetseredwa nyumba zawo. Ngakhale chilamulo cha Mose chinalamula womanga kutchinga tsindwi lake kuti mwazi wa mnansi ungakhale pa iye.

Akulu anati kuongola mtengo n'poyamba. Chifukwa chake woyang'anira abwere ku Chazanga maziko akali kukumbidwa, osati khoma litagwera mwana. Aphunzitse amisiri, ayese mabuloko kwa oumba, napereke mapulani osavuta pamtengo umene mayi wogulitsa makala angathe kulipira.