Mawu a Boma Amene Mlimi wa ku Jenda Ayenera Kudziwa

Kwa eni mabanja a ku Jenda, Champhira ndi midzi yonse ya kumwera kwa Mzimba.

Mlimi adziwa dzina la udzu uliwonse wa m'munda mwake, nadziwanso nyengo yobzala nyemba ndi yowokera anyezi. Koma akafika pa bwalo kapena pa msika, ambiri asowa chonena, pakuti mawu a Boma awalemera. Munthu wotere ataya masiku a ntchito ndi kugogoda pa khomo losayenera, ndipo nthawi zina ataya ndi munda womwe. Chifukwa chake tilemba pano mawu owerengeka, kuti mudziwe nkhani iti ipita kwa yani.

Njira ziwiri

Angoni a M'mbelwa analowa pansi pa Boma la atsamunda mu 1904, atapangana ndi Sir Alfred Sharpe ku Ekwendeni. Mu 1933 mafumu anapatsidwa ndi lamulo mphamvu ya kulamulira madera awo ndi kuweruza milandu. Makhonsolo a maboma anayamba ndi lamulo la 1953, ndipo lamulo limene tiyendera lero ndi la 1998. Kotero pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya ufumu: nyakwawa, gulupu, Inkosi monga Mabulabo ndi Mzikubola, kufikira Inkosi ya Makosi M'mbelwa ku Edingeni. Yachiwiri ndi ya chisankho, ndiyo ya khonsolo. Mlimi wanzeru aziyenda zonse ziwiri, koma osazisokoneza.

Khonsolo ndi bwanamkubwa

Khonsolo ndi msonkhano wa akulu woyang'anira boma la Mzimba, ndipo dzina lake ndi Khonsolo ya M'mbelwa. Misika, misewu ing'onoing'ono, sukulu za pulayimale, zipatala zazing'ono ndi alangizi a ulimi, zonsezi zili m'manja mwake. Makhansala ndiwo aponya voti m'menemo. Mafumu aakulu akhalamo nalankhula, koma savota. Bwanamkubwa sasankhidwa ndi anthu. Atumidwa ndi Boma kukhala mkulu wa antchito a khonsolo, nachita zimene khonsolo yagwirizana.

Wodi ndi khansala

Wodi ndi chigawo cha midzi chimene chisankha khansala mmodzi, ndipo iye akhala zaka zisanu. Makhansala oyamba a lamulo latsopano anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala kufikira 2014, ndiye chifukwa chake akulu ambiri saidziwa bwino ntchito imeneyi. Khansala ndi pakamwa panu ku khonsolo. Sagawa minda, saweruza milandu, ndipo sanasankhidwe kuti azigula mabokosi a maliro. Mumufunse za mlatho, za msika ndi za ndalama zimene khonsolo yagawira dera lanu.

Makomiti a chitukuko

Pa gulupu aliyense pali komiti ya chitukuko, imene anthu aitcha VDC. Pa dera la Inkosi pali ina yaikulu, ADC. Ngati mlatho waduka kotero kuti ngolo ya tomato siingathe kufika pa msewu wa M1, musangodandaula pa mowa. Itanani msonkhano, lembani pempho, lipite ku VDC, nilikwere ku ADC, kufikira lilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo. Chimene sichinalembedwe sichipatsidwa ndalama. Sungani kope lina la pempholo kwanu, lolembedwa tsiku lake.

Malamulo a khonsolo

Khonsolo ili ndi mphamvu ya kupanga malamulo ake ang'onoang'ono, monga a misika, a ukhondo ndi a ziweto. Lamulo lotere ligwira ntchito likavomerezedwa ndi Nduna ya Maboma Ang'onoang'ono, ndipo siliyenera kutsutsana ndi malamulo a dziko. Lisiyana ndi pangano la pa mudzi, monga lakuti mbuzi zimangidwe mvula ikagwa. Panganolo ndi labwino, ndipo tonse tilisunge, koma mphamvu yake ndi ya mwambo. Munthu akakuuzani chindapusa nati ndi lamulo la khonsolo, mupemphe mwaulemu kuti akuonetseni pamene lalembedwa.

Msonkho wa pa msika

Wogulitsa mbewu pa msika wa Jenda apereka msonkho kwa khonsolo. Ndalama imeneyo ndiyo iyenera kusesera msika ndi kumangira zimbudzi. Musaukane, koma musaperekenso popanda tikiti. Onani kuti pa tikiti pali dzina la khonsolo, nambala ndi mtengo. Ndalama yopita yopanda tikiti siifika ku Mzimba, ndipo mawa mudzasowa umboni wakuti munalipira.

Komiti ya malo ndi chiphaso

Apa tcherani khutu, pakuti ndipo pagona moyo wa ana anu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa komiti ya malo pa gulupu aliyense. Gulupu ndiye wapampando, ndipo pali anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi midzi, mwa iwo akazi osachepera atatu. Munthu kapena banja apempha kwa komiti imeneyi kuti munda wawo ulembedwe m'kaundula, nalandira chiphaso. Mkazi ali ndi ufulu wolembetsa monga mwamuna. Kuno kumene munda utsata mzere wa atate, mwini banja aganizire msanga za mkazi wake, kuti asadzachotsedwe pa munda iye atamwalira.

Kulemba kumeneku kuyenda pang'onopang'ono, ndipo sikunafike midzi yonse. Musakhale manja lende poyembekeza. Mukakolola, yendani m'malire pamodzi ndi anansi anu, nyakwawa akuona, nimubzale khonje kapena udzu wa vetiva. Udzuwo ugwira nthaka kuti isakokoloke, ndipo uchitanso umboni inu mutapita.

Bwalo ndi apilo

Mkangano wa malire uyambe kwa nyakwawa ndi gulupu. Ukakanika, lamulo lomwelo laika bwalo la malo pa dera la Inkosi. Apilo ndiko kupempha bwalo lalikulu kuti lionenso chiweruzo chimene simunakhutire nacho. Pa nkhani ya malo apilo ipita ku bwalo la malo la boma. Musachedwe nayo, ndipo pemphani kuti chiweruzo choyamba chilembedwe pa pepala.

Ng'ombe zikadya chimanga chanu, musazitemere. Itanani mboni ndi mlangizi aone chimene chaonongeka, nimupite kwa nyakwawa. Mwini ng'ombe akakana kulipira, khoti la majisitireti lilipo. Koma kuba ng'ombe ndi kuvulaza munthu ndi milandu ya apolisi. Mfumu iyanjanitsa anthu, koma ilibe mphamvu ya kutsekera munthu m'ndende.

Makolo anati safunsa anadya phula. Werengerani kalatayi anzanu osadziwa kuwerenga, nimuisunge pamodzi ndi matikiti ndi mapepala a munda wanu, pamalo posafika chiswe ndi mvula.